Lole ikatitimira, amve ndani? Za mawailesi a ovaova pa malole athu

Mawu amene mlangizi wa zaulimi wa dera lathu analankhula pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi yathu

 

A komiti atandiuza kuti ndidzalankhule lero, ine ndinayamba kale kukonzekera za chiwawu cha mbatatesi, poti ndizo zanga. Koma a wapampando anandikaniza. Anati, "A alangizi, za chiwawu mumatiuza sabata ndi sabata. Lero muwauze anthu za mawailesi aja, chifukwa anasonkha ndalama koma ambiri sadziwa chimene chinagulidwa." Ndiye ndavomera. Ndinene poyambirira kuti ine si injiniya. Ku koleji ya zaulimi ndinaphunzira za nthaka, mbewu ndi ziweto. Za mawailesizi ndaphunzira pamodzi ndi madalaivala athu, zina pofunsa amisiri, zina polakwitsa. Zolakwitsazo ndizitchulanso, kuti amene adzatenge ntchitoyi pambuyo pathu asadzazibwereze.

Amene munalowa kopaletivi kale mukukumbukira ulendo umene unatibweretsera maganizo amenewa. Unali mwezi wa Malichi, mvula ili mkati. Lole yathu yoyamba ija inanyamuka kumidzi ya kumtunda kuno kwa Tsangano itadzaza mbatatesi, ikulowera ku msewu wa M1 kumene wogula ankatidikira. Itafika pa kachigwa kena, matayala akumbuyo anatitimira mpaka pa ekiselo. Dalaivala anatulutsa foni, netiweki panalibe. Anamutuma mnyamata womuthandiza kuti akwere chitunda. Mnyamata uja atafika pamwamba, foni inagwiradi, koma inagwira netiweki ya ku Mozambique, ndipo mayunitsi amene anali nawo anatha asanamalize n'komwe kupereka moni. Ife ku ofesi tinkangoti ali m'njira. Wogula anadikira tsiku lonse, kenako anagula kwa mavenda n'kumapita. Lole inagona pamenepo masiku awiri, matumba akunyowa pansi pa tenti yong'ambika. Inu alimi a mbatatesi mukudziwa chimene chimachitika mbatatesi yonyowa ikafunditsidwa m'thumba. Pamene thirakitala inkafika, matumba apansi anali atayamba kale kununkha. Ena mwa inu chaka chimenecho ngongole ya feteleza munabweza pogulitsa mbuzi.

Chimene chinandipweteka ine n'chakuti thirakitala imene inadzakoka loleyo inali itangoima pa mtunda wosakwana ola limodzi. Chinasowa ndi uthenga basi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife a kumtunda kuno sitingawathawe matope. Koma tingathe kukonza zoti lole ikatitimira, wina amve msanga.

Wina afunsa kuti, nanga mafoni tili nawowa? Foni ndi yabwino, ndipo sitikuti muitaye. Koma foni siilankhula ndi foni inzake mwachindunji. Mawu anu amayamba apita pa mlongoti wa kampani, ndipo mlongotiwo ukabisika kuseri kwa phiri kapena ukazima, foni yanu yasanduka tochi. Mukukumbukira mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, momwe magetsi anavutira dziko lonse. Mukukumbukiranso Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, pamene anansi athu a ku Neno ndi ku Mwanza anali m'gulu la maboma amene analengezedwa kuti agweredwa ngozi. Pa nthawi zoterezi, misewu ikaduka ndi pamenenso magetsi ndi netiweki zimavuta. Wailesi ya ovaova, ngati ija mumaiona ndi apolisi kapena alonda, siidalira mlongoti wa munthu wina. Imachoka pa lole kupita ku ofesi molunjika. Siifuna mayunitsi. Ndipo mmodzi akalankhula, onse amene ali pa tchanelo chimenecho amamva nthawi imodzi: ofesi, lole inayo, ndi wa thirakitala.

Tisanagule chilichonse tinayamba ndi chilolezo, ndipo apa mumvetsetse. Mpweya umene mawu a wailesi amadutsamo uli ngati munda wa m'mudzi: uli ndi malire, ndipo alipo amene amagawa. Kuno ku Malawi amene amagawa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lamulo limene linakonzedwanso mu 2016. Iwo ndi amene amakupatsani layisensi ndi nambala ya malo anu pa mpweyapo, imene amisiri amaitchula kuti frikwensi, ndiponso amaona ngati mtundu wa wailesi yanuyo ndi wololedwa. Timawailesi totchipa timene timabwera m'mabasi kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam timatha kulankhula pa frikwensi iliyonse imene munthu wabaya. Ukangobaya mwachisawawa ukhoza kugwera pa ya apolisi kapena ya ambulansi. Mwachitsanzo, 156.8 MHz ndi imene sitima zapamadzi padziko lonse zimaitanirapo chithandizo zikakhala pa ngozi. Tangoganizani munthu akufunsa mtengo wa kabichi pamenepo. Komanso ife tili m'malire. Mawu a wailesi sadziwa kuti apa ndi Malawi, apo ndi Mozambique, ndipo tsidya linalo ali ndi bungwe lawo la INCM ndi malamulo awo. Layisensi yathu imathera pa malire. Choncho dalaivala asatenge wailesi ya kopaletivi n'kuwoloka nayo, ndipo pasapezeke wina wosintha matchanelo amene mmisiri anatiikira.

Tsopano momwe mawuwo amayendera. Mawailesi a mtundu uwu alipo a magulu awiri amene mumva akutchulidwa: VHF, amene amayenda pakati pa 136 ndi 174 MHz, ndi UHF, amene ambiri amakhala pakati pa 400 ndi 470 MHz. A UHF amachita bwino m'tauni, pakati pa nyumba zambiri. Kumudzi kwa mitengo, minda ndi zitunda ngati kwathu kuno, a VHF ndi amene amafika patali, ndiye tinasankha amenewo. Koma onse awiri ali ndi khalidwe limodzi: amayenda ngati kuwala kwa tochi. Ukaima pa chitunda usiku n'kuyatsa tochi, wa tsidya lina amaiona. Ukatsikira nayo m'chigwa, ngakhale mabatire akhale atsopano, saiona. Mawu a VHF amakhotako pang'ono pa nsonga ya chitunda, koma phiri lathunthu salibowola. Mukagwira mfundo imeneyi, zonse zimene ndinene kutsogoloku zimveka.

Kulakwitsa kwathu koyamba kunali kofuna kupulumutsa ndalama. Tinagula timawailesi ta m'manja tiwiri, tija tokhala ndi kaeriyo ka labala, n'kumupatsa dalaivala kamodzi. Pa bokosi panalembedwa makilomita ambirimbiri. Lole itangokhota pa sukulu paja, mawu anayamba kudukaduka, isanafike pa mlatho woyamba kunali zii. Chifukwa chake n'chapafupi. Kawailesi ka m'manja kali ndi mphamvu ya mawati 4 kapena 5, kaeriyo kake n'kakafupi, ndipo dalaivala wakhala nako m'kati mwa kabini ya chitsulo. Zili ngati kuyatsa tochi ija uli m'kati mwa mgolo. Timawailesi timeneto sitinatitaye, timathandiza pokweza katundu ndi polondolera lole ikamabwerera m'mbuyo pamalo oterera. Koma pa lole pamafunika wailesi yomangirira, ya mawati 25 kapena kuposerapo, yokhala ndi eriyo yake kunja.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Anthu akaona bokosi la wailesi lili ndi magetsi ndi mabatani amaganiza kuti ndalama zonse zili pamenepo. Ayi. Wailesi yodula pa eriyo yoipa imagonja kwa wailesi wamba ya eriyo yoikidwa bwino. Eriyo si waya wongotola. Kutalika kwake kumayenderana ndi frikwensi. Pa 150 MHz, funde limodzi la wailesi limatalika mamita awiri, ndipo eriyo yosavuta kwambiri imakhala gawo limodzi la magawo anayi a fundelo, kutanthauza pafupifupi masentimita 50. Ya UHF pa 450 MHz imangokwana masentimita 16 kapena 17. N'chifukwa chake simungachotse eriyo ya wailesi ina n'kuika pa inzake, kapena kuidulako chifukwa ikukhudza nthambi.

Malo ake abwino ndi pakati penipeni pa denga la kabini, itaima chilili. Denga la chitsulolo limagwira ntchito ngati theka lina la eriyo, ndiye mawu amafalikira mofanana mbali zonse. Ife poyamba tinaimangirira pa chitsulo cha kuseri kwa kabini, poopa kubowola denga. Lole ikakhala yopanda katundu zinkamveka bwino. Ikadzaza matumba mpaka kupitirira kabini, eriyo inkabisika pakati pa kabini ndi katundu, mawu n'kuchepa, pa nthawi yeniyeni imene tinkawafuna. Tinavomera kubowola. Pobowola, mmisiri anapala penti pansi pa dengalo kuti tsinde la eriyo likhudze chitsulo chenicheni, n'kutseka ndi labala kuti mvula isalowe. Kabini ina denga lake si lachitsulo, ndi la faiba. Pamenepo pamafunika eriyo ya mtundu wina, yotalika theka la funde, imene siidalira denga. Zija zomata ndi maginito n'zabwino pa galimoto yoyenda pa tala. M'misewu yathu ino nthambi yoyamba ya mango imaigwetsa. Yathu ili ndi sipuling'i patsinde, kuti ikagunda nthambi iwerame n'kudzukanso.

Chingwe chochokera pa eriyo kupita pa wailesi nachonso si chingwe wamba. Ndi chozungulira, chili ndi waya pakati ndi ukonde wa waya kunja, ndipo cha mawailesi awa chimakhala cha maomu 50, chofala chake n'cholembedwa RG-58. Cha dishi ya TV chimaoneka chofanana koma ndi cha maomu 75, musalole wina akugulitseni chimenecho. Chingwechi chisapanidwe ndi chitseko, chisapindidwe mwamphamvu, chisayandikire paipi ya utsi, ndipo podutsa pa bowo la chitsulo pakhale kalabala, apo ayi kugwedezeka kwa lole kumachicheka pang'onopang'ono. Mdani wake wamkulu ndi madzi. Akalowa pa mfundo amayenda m'kati mwa chingwe, waya n'kuda, mawu n'kumachepa mwezi ndi mwezi popanda wodziwa chifukwa. Ndi nkhungu yathu ya kuno, mfundo iliyonse ya panja iyenera kukulungidwa ndi tepi ya labala ija yomatana yokha.

Zonse zikalumikizidwa, musathamangire kulankhula. Pali kachipangizo kotchedwa mita ya SWR, kamene mmisiri amakalumikiza pakati pa wailesi ndi chingwe. Kamaonetsa ngati mphamvu ikutuluka pa eriyo kapena ikubwerera m'wailesi. Kakaloza pansi pa 1.5, zili bwino. Pofika 2 tikhoza kupirira. Kakafika 3, lekani, chifukwa mphamvu yobwererayo imatenthetsa wailesi mpaka kuipsereza. Mmisiri amadula nsonga ya eriyo pang'onopang'ono, mamilimita ochepa nthawi imodzi, akuyang'ana mita, lole itaima pabwalo kutali ndi malata ndi zitseko zitatsekedwa. Ndipo lamulo limene madalaivala athu analiloweza ndi ili: eriyo ikathyoka kapena ikachotsedwa, osabaya batani lolankhulira. Wailesi yolankhula popanda eriyo imadzipha yokha. Wina akamalankhula, eriyo osaigwira, imawotcha. Pothira mafuta pa filing'i siteshoni, wailesi izikhala chete.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali kwanga ndekha, ndipo a msungichuma akuseka chifukwa akukumbukira. Mawailesi amenewa amafuna moto wa mavoliti 12, ngati wa pikiapu. Malole akuluakulu ambiri, kuphatikizapo yathu, ali ndi mabatire awiri olumikizana amene pamodzi amapereka mavoliti 24. Ukalumikiza wailesi ku 24 imapsa nthawi yomweyo. Zimenezo ndinkazidziwa. Ndiye mwa nzeru zanga ndinati, titenge moto pa batire limodzi lokha, poti lililonse ndi la 12. Wailesi inayakadi, tonse n'kuwomba m'manja. Patangopita miyezi yochepa lole inayamba kuvuta kulira m'mawa. Makaniko atayeza anapeza kuti batire limene tinkatapapo lija linali litafooka, linzake likulandira moto wopitirira muyeso. Mabatire awiri olumikizana amafuna kudya ndi kukhuta mofanana, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Tinagula mabatire awiri atsopano ndi ndalama zanu. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo ndinadya ndine. Choyenera ndi kabokosi kotsitsa moto kuchoka pa 24 kufika pa 12, kamene amati konveta, kokhala ndi mphamvu yokwanira. Wailesi ya mawati 25 ikamalankhula imakoka maampu 5 kapena 6, ndiye konveta ikhale yoposa pamenepo.

Mawaya a moto achoke ku batire kwenikweni, asalumikizidwe ku mawaya a nyali kapena pa bowo loyatsira fodya lija. Wofiira ku pulasi, wakuda ku mayinasi, ndipo fiyuzi ikhale pafupi ndi batire, kuti waya akakhudza chitsulo penapake fiyuzi iduke lole isanayake. Fiyuzi ikaduka, ikani ina ya nambala yomweyo. Zokulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kapena kawaya pamalo pa fiyuzi, chonde madalaivala, pa lole ya kopaletivi ayi. Wailesi yenyeniyo imangidwe ndi mabawuti pamalo opita mphepo, posafika dzuwa ndi madzi, pomwe dalaivala angafikire maikolofoni osachotsa maso pa msewu. Lole ikagona, zimitsani, chifukwa ngakhale ikungomvera imadyabe moto pang'onopang'ono.

Tibwere ku ofesi. Mlongoti umene mukuuona kuseri kwa shedi yathu uja ndi wa mamita 9. Tinakangana m'komiti, ena ankati tigule wailesi ya mphamvu zambiri m'malo movutika ndi mlongoti. Koma kumbukirani tochi ija. Dziko ndi lozungulira, ndiye ngakhale pa chidikha mawu amafika pamene amathera. Eriyo ya mamita 9 ikamalankhula ndi ya pa lole, imene ili mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, pamalo osalala zimamvana mpaka makilomita pafupifupi 19. Kuti mtunda wa mbali ya mlongoti uwirikize kawiri, mlongotiwo uyenera kutalika kanayi. Koma kuwirikiza mphamvu ya wailesi kawiri kumangowonjezera pang'ono, ndipo kuseri kwa phiri sikuthandiza konse. N'chifukwa chake malo oimikapo mlongoti ndi ofunika kuposa mtengo wa wailesi. Mwayi wathu ndi wakuti mafumu anatipatsa malo a shedi pa chitunda. Zikomo mafumu, simunadziwe kuti mukutipatsanso makilomita.

Chinthu chachitali pa chitunda chimaitana mphezi. Pansi pa mlongoti tinakhomera chitsulo chokutidwa ndi kopa, chotalika kupitirira mita imodzi, n'kuchilumikiza ndi waya wonenepa, ndipo pa chingwe pali kachipangizo kopatutsira mphezi pansi. Ngakhale zili choncho, kukayamba kung'anima, amene ali pa ntchito achotse chingwe cha eriyo kuseri kwa wailesi, achiike kutali, adikire. Ana asamasewere pa mawaya atatu okoka mlongoti aja, ndipo ng'ombe zisamangiriridwepo. Amene mudzaimike mlongoti wina, muyeze kuti ngakhale utagwa usafike pa mawaya a ESCOM. Moto wa ku ofesi timatenga pa sola ndi batire lake. Batire limenelo ndi la wailesi. Ndikudziwa kuti mafoni amafuna kutchajidwa ndipo mpira umafuna kuonedwa, koma tsiku limene batire lidzathere pa mpira ndi tsiku lomwe lole idzatitimire.

Titamaliza zonsezi tinachita chinthu chimene ndimachinyadira kuposa zina zonse, ndipo sichinadye ndalama kupatula dizilo. Tinayenda misewu yonse imene malole athu amadutsa, ine ndi dalaivala, mlembi atakhala ku ofesi. Pa mlatho uliwonse, pa sukulu, pa tchalitchi, pa chigayo, tinkaima n'kuitana. Mlembi ankalemba m'buku kuti apa zikumveka bwino, apa zikudukaduka, apa zii. Tinapeza zigwa zinayi zimene wailesi siifika, ndipo chimodzi mwa izo ndi chija munagona lole. Musadabwe, malo amene lole imatitimira ndi otsika, ndipo otsika ndi amene wailesi imavutika. Ndiye tinabwerera m'mbuyo pa chigwa chilichonse kufuna malo omaliza amene mawu amamveka, n'kupaka laimu pa mwala kapena pa mtengo. Miyala yoyera imene mumaiona m'mbali mwa msewu ija ndi imeneyo, chonde isachotsedwe. Dalaivala akafika pa mwala woyera amaitana kuti, "Ofesi, ofesi, ndine lole yachiwiri, ndikutsikira m'chigwa, ova." Akatulukira tsidya linalo amaitananso. Pakapita theka la ola asanamveke, a ku ofesi sadikira kuti auzidwe. Amadziwa kale pamene lole ili, amaitana wa thirakitala. Mwaona? Ngakhale pamene wailesi siifika, kukhala chete kwakeko kumatiuza kanthu, bola pakhale munthu amene akumvera ndipo akuyang'ana wotchi.

Kalankhulidwe kakenso kali ndi mwambo. Pa ovaova salankhula awiri nthawi imodzi. Yamba wamvera ngati pali wina. Baya batani, dikira kamphindi, tchula amene ukumuitana, dzitchule wekha, nena uthenga mwachidule, unene kuti ova, n'kusiya batani. Ukaiwala kusiya, kapena maikolofoni ikapanikizika pa mpando, watsekera aliyense, ndipo zonse zimene mukukamba m'kabinimo tikumva ku ofesi. Zinachitikapo, sinditchula maina pamaso pa mafumu. Wolandira uthenga aubwereze, makamaka manambala ndi malo, kuti matumba 15 asasanduke 50. Moni wautali wa kwathu kuno, wofunsa ana ndi mbuzi zomwe, tiziusunga mpaka tikakumana.

Chenjezo lalikulu ndi la ndalama. Wailesi ilibe chinsinsi. Aliyense amene ali ndi wailesi yofika pa frikwensi yathu akhoza kumva. Pali timanambala tina timene mmisiri amaika kuti ife tisamamve phokoso la anthu ena, koma sitiletsa anthu enawo kutimva ife. Choncho pa wailesi sitinena kuti lole yanyamula ndalama zolipira alimi, sitinena kuti a msungichuma akwera lole iti, sitinena tsiku lolipira. Zimenezo zimakambidwa pamaso kapena pa foni.

Kodi zathandiza? Mvula yathayi lole yachiwiri inathyoka sipuling'i madzulo, itanyamula kabichi ndi mbatatesi, m'chigwa chimodzi mwa zinayi zija. Dalaivala anali ataitana pa mwala woyera. Theka la ola litakwana, mayi amene anali pa ntchito ku ofesi tsiku limenelo anaitana lole yoyamba, imene inali ikubwerera yopanda katundu kuchokera ku Lizulu. Inakhotera komweko, anyamata a m'mudzi wapafupi anathandiza kusamutsa matumba, ndipo m'mawa katundu anali pa msika. Palibe thumba limene linaola. Amene katundu wanu anali pa lole imeneyo mwina simunadziwe n'komwe kuti kunachitika kanthu, munangolandira ndalama zanu. Mayi amenewo ali pompano, ndipo ndikupempha kuti tiwawombere m'manja, chifukwa chimene chinapulumutsa katunduyo ndi iwo, amene sanachoke pa mpando kupita kukaphika nthawi isanakwane.

Ndimalize ndi zopempha zitatu, zimene zidzabwere pa msonkhano waukulu wa pachaka kuti muvotere. Choyamba, layisensi imafuna kulipiridwa nthawi yake ikakwana, ndipo mabatire, zingwe ndi maeriyo zimatha. Tikupempha kuti pa bajeti pakhale mzere wakewake wa mawailesi, tisamachite kusonkha zinthu zitafa kale. Mvula isanayambe chaka chilichonse mmisiri azibwera ndi mita yake kudzayeza malole onse ndi mlongoti. Chachiwiri, ndandanda wa omvera ku ofesi uli ndi anthu ochepa, ndipo atopa. Lole ikakhala pa msewu, pa wailesi pazikhala munthu mpaka itabwerako. Tikufuna kalabu iliyonse ipereke munthu mmodzi, makamaka achinyamata ndi amayi, tidzawaphunzitsa tsiku limodzi lokha. Chachitatu ndi cha zigwa zinayi zija. Mankhwala ake ndi wailesi yapakati, imene amati ripita, yoikidwa pamwamba pa phiri ndi sola yake, yolandira mawu kuchokera m'chigwa n'kuwaponya ku ofesi. Imafuna chilolezo chake ku MACRA, malo ochokera kwa mafumu, ndi anthu oilondera kuti sola isabedwe. Ndi yodula, ndipo mwina kopaletivi imodzi siingathe. Koma anzathu a makopaletivi oyandikana nafe amayenda misewu yomweyi ndipo amatitimira m'zigwa zomwezi. A komiti akufuna chilolezo chanu kuti akakambirane nawo zogawana mtengo.

Ine alangizi amandisamutsa, lero ndili kuno, mawa boma likhoza kunditumiza kwina. Buku la miyala yoyera lili ku ofesi, ndipo zonse ndanenazi zalembedwamo, ndi nkhani ya mabatire ija yomwe. Amene mukufuna kuona wailesi ikugwira ntchito, tikatha kudya lole yoyamba iima pafupi ndi shedi, dalaivala akuonetsani, ndipo amene akufuna kulowa ndandanda wa omvera alembetse kwa a mlembi pomwepo.

Zaka 10 si masewera.  Ova.